Mawu Achinsinsi pa Khoma la a Mzee Kitwana

Loweruka la mpira waukulu, nthawi itangokwana thuu koloko masana, Mwamvita anafufuta zonse zimene zinali mu kompyuta ya amalume ake. Anafufuta mwadala, ndi chala chimodzi, uku akumwetulira.

Kompyutayo ndi imene inkadyetsa banda loonetsera mpira la a Mzee Kitwana ku Tandika, mu Dar es Salaam. M'bandamo munali mabenchi khumi ndi anayi, khoma lopaka laimu kutsogolo, ndi pulojekita yomangirira ku denga ndi lamba wa thalauza. China chilichonse chimene chikanagwira penti chinapakidwa wofiira, chifukwa kubanja la a Kitwana munthu amabadwa wa timu ya Ofiira monga mmene amabadwira ndi mphuno. Otsatira timu ya Achikasu ankaloledwa kulowa ndithu, koma malo awo anali benchi la kumbuyo, pafupi ndi ndowa yotchera madzi odontha kudenga.

Kuseri kwa benchi limenelo kunali kachipinda. Mmenemo munkakhala kompyuta, kasikirini kake kakang'ono, ndi chingwe chachitali chakuda chimene chinkachoka kumbuyo kwa kompyutayo, n'kudutsa pa bowo la pakhoma, kukafika ku pulojekita. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi kiyi wa kachipindaka ankasunga a Fundi Kombo, munthu amene matenda onse a kompyuta ankawachiza ndi mbama. Koma m'mawa wa tsiku limeneli mbama zinakanika. Tizilombo tinali titadzaza makinawo moti ukangowayatsa pankatuluka chithunzi cha bambo wadazi wotsatsa mankhwala omeretsa tsitsi, ndipo ukamutseka ankabwera ndi anzake awiri. A Kombo anaimenya kakhumi ndi kamodzi. Adazi anafika asanu ndi anayi.

Mwamvita anali ndi digiri ya za makompyuta, ndipo kwa zaka ziwiri digiriyo inkamuthandiza kukazinga chinangwa pakhomo pa banda. Ataona adazi aja anapukuta manja n'kupita kwa amalume ake.

"Amalume, ndipatseni kiyi lero lokha. Ndichotsemo zonsezi, ndiikemo Linux. Tizilombo timeneti simudzatimvanso."

"Ameneyo ndiye ndani?"

"Si munthu, amalume. Ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse."

A Kombo anaseka mpaka kapu ya khofi kugwedezeka. "Mzee, mwanayu chinangwa amachitha, sindikana. Koma izi n'za amuna a sikuludalaivala."

A Mzee Kitwana anayang'ana dazi limene linali pakhoma, kenako anagwira lawo. "Mwana wa mlongo wanga, tamvera. Mpira uyamba faifi koloko. Ukaoneka pakhomapa, kiyi ndi wako mpaka kalekale. Ukapanda kuoneka, kiyi abwerera kwa a Kombo, iwe ubwerera ku chiwaya, ndipo nkhani ya makompyuta sindidzaimvanso pakamwa pako."

"Ndavomera. Koma pasapezeke munthu wondigogodera."

"Pakhomo ndikhalapo ndekha," anatero amalumewo, ndipo anakokadi mpando.

Poyamba zonse zinayenda ngati madzi. Mwamvita anabaya fulashi yake yokhala ndi Linux, nayankha mafunso amene ankabwera pa kasikirini: dziko, nthawi, dzina. Itamufunsa mawu achinsinsi otsegulira, anacheuka kaye ngakhale anali yekha, n'kulemba mawu amene ankawagwiritsa ntchito chiyambire ku yunivesite, amene sanawatchulepo mokweza chibadwire. Kenako kompyuta inadandaula pang'ono kuti khadi la netiweki ikuliona, koma sikudziwa kulankhula nalo, chifukwa ilibe dalaiva wake, kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa kompyuta ndi chipangizo.

Apa Mwamvita anasangalala, pakuti mitu yophwanya mutu ankaikonda kuposa mpunga wa pilau. Dalaiva wa khadi la netiweki ali pa intaneti. Kuti ufike pa intaneti pakufunika khadi la netiweki. Kiyi wa sutikesi watsekeredwa mu sutikesi momwemo. Yankho anali nalo kale m'thumba: adzalumikiza foni yake ndi kachingwe, kompyuta ibwereke intaneti ya pafoni, itenge dalaivayo, basi. Anadina kuti zipitirire, ndipo itamaliza anaizimitsa n'kuiyatsanso.

Kasikirini kanaonetsa mizere iwiri, kenako kanangoti bii.

Anadikira. Anagwedeza mbewa ya kompyuta. Anapukuta galasi ndi mpango wake ngati kuti mdimawo unali fumbi. Fani inkazungulira, kagetsi kobiriwira kankaphethira, kutanthauza kuti kompyuta inali moyo, koma inali itatseka maso. Nkhani zotere Mwamvita anali ataziwerengapo zambirimbiri, ndipo zonse zinkathera pamodzi: khadi la zithunzi nalonso likufuna dalaiva wake. Anaganiza zosamutsa chingwe cha kasikirini kuchibaya pa khadi lenilenilo, koma kasikiriniko kanali ka pulagi yakale yabuluu imene sikanalowa pamenepo ngakhale ndi hamala.

Tsopano mitu inali iwiri, wina atakhalira mnzake. Kuti aone, afunika intaneti. Kuti apeze intaneti, ayenera kulemba malamulo pa kompyuta imene sakuiona. Nthawi inali itapitirira hafu pasiti fili. Kuseri kwa khoma mabenchi anali atayamba kukhuluzika, anthu okonda malo a kutsogolo akufika.

Pamenepo m'pamene anayang'ana kathireyi kolowetsera sidi, ndipo anaseka yekha. Pali lamulo limodzi lalifupi limene limauza kompyuta kutulutsa kathireyiko. Ndiye akhoza kumata lamulo limenelo kumapeto kwa lamulo lililonse, mwakuti chinthu chikatheka, kompyuta itulutse lilime. Chikakanika, ikhale chete. Wakhungu ndi wosalankhula akhoza kumvana ndithu, bola lilime.

Anadina mabatani atatu opita ku tsamba la malemba okhaokha. Anamenya batani lalikulu kuti aidzutse. Kenako, mumdima, analemba dzina lake, mawu achinsinsi, ndi lamulo la lilime.

Lilime silinatuluke. M'malo mwake m'banda munabuka mfuu waukulu, wa mtundu umene umamveka woimbira mpira akakana chigoli choonekeratu. Wina anamenya benchi. Kumbuyo, chapafupi ndi khoma lake, anthu angapo ankaseka chikhakhali mpaka kutsokomola.

"Ayamba kale kukangana za mpira wosayamba," anatero Mwamvita. Analembanso zonse zitatu modekha, ndipo ulendo uno kathireyi kanatuluka, kuti nyomi.

"Eya! Mwana wabwino."

Anakakankhira mkati, nalumikiza foni, natsanulira tiyi wa mu fulasiki kuti aganize bwino. Anamwa mosafulumira kwa mphindi khumi. Phokoso la m'banda silinatsike. Linkakwera ndithu, ndipo pakati pake ankamva mawu a amalume ake akuti, "Palibe agogode! Ndinalonjeza! Ngakhale zili chonchi, palibe agogode!" Mtima wake unafewa. Anthu atopa kudikira, koma amalume akumuteteza.

Anafunsa kompyuta ngati intaneti ya pafoni yafika. Lilime linatuluka. Anaiuza kuti itenge dalaiva wa netiweki. Chete. Kuseri kwa khoma anthu anati, "Aaaa!" Anasintha kalembedwe ka dzina la dalaivayo. Chete. "Aaaa!" Anayesa kachitatu. Lilime silinatuluke, koma m'banda wina anakuwa kuti, "Yagunda pa mtengo!"

Foloko koloko inali itadutsa kalekale. Chiwaya cha chinangwa chinamubwerera m'maso, mafuta ake akuthetheka. Chifukwa cha ukali, anachita chimene aliyense wa ntchito imeneyi anachitapo ali yekha: analemba mawu amodzi oitukwana kompyutayo, mbuzi, n'kumenya batani lalikulu.

Kuseri kwa khoma kunamveka mawu okweza, a munthu wozolowera kulankhula ndi kalasi. Anali a Mwalimu Sefu, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, amene ankakhala benchi loyamba mpira uliwonse.

"Yayankha! Yati: mbuzi sinapezeke!"

Banda lonse linaphulika ndi phwete.

Mwamvita anaumitsa manja m'mwamba. Pang'onopang'ono anatembenuza mutu, natsatira ndi maso chingwe chachitali chakuda chija, kuchoka pa khadi la zithunzi, kukwera khoma, kulowa pa bowo. Anakumbukira chinthu chimene akanachikumbukira kale akanakhala kuti nthawi ngati imeneyi sankakhala panja akukazinga pa chiwaya: tsiku la mpira amalume ake ankayatsa pulojekita hafu pasiti fili, ati kuti itenthe kaye ngati injini ya basi yakale.

Kompyuta sinatseke maso ayi. Inangotembenukira kwina.

Analemba: kodi mukundiona.

"EEEEE!" linayankha banda lonse.

Anakwera pampando n'kusuzumira pa bowo. Pakhoma loyera lija panali malemba oyera pa mdima, chilembo chilichonse chachikulu ngati chikhatho. Ndipo pamwamba penipeni, pamalo olemba dzina, pamene chilichonse cholembedwa chimaonekera poyera, panali mawu ake achinsinsi. Batani lalikulu limene anamenya poidzutsa lija linali litamusemphanitsa ndi kompyuta sitepe imodzi: dzina linalowa pa malo obisika, ndipo zobisika zinalowa pa malo a dzina. Kwa theka la ola, uku iye akumwa tiyi, amuna makumi asanu ndi limodzi ankawerenga pakhoma la a Mzee Kitwana mawu akuti: achikasundimoyowanga.

Anatsika pampando. Anakhala pansi. Anaganizira za zenera, koma kachipindako kanalibe zenera.

"Injiniya!" Mawu a a Mwalimu Sefu analowera pa bowo. "Zinazo mukambirana pabanja. Ife tikufuna mpira. Makinawa ulendo woyamba uja anakuuza kuti dzina limene ukufunalo kulibe, koma lilipo lina lofanana nalo. A Kombo analiona, koma angokhala chete ngati sadziwa kuwerenga."

"Ine ndinabwera kudzaonera mpira, osati kudzaphunzitsa," anatero a Kombo.

Kutuluka, Mwamvita sakanatha. Manyazi anali atakhoma chitseko kuposa loko. Kiyibodi nayo chingwe chake chinali chachifupi. Choncho anaika pakamwa pa bowo, nayamba ndi moni waulemu wopereka kwa akulu. "Shikamoo, a Mwalimu. Ndiwerengereni chilembo chimodzichimodzi, chonde."

"Marahaba. Khala tcheru."

Kuyambira pamenepo Mwamvita anakhala ndi sikirini yaikulu kuposa ya injiniya aliyense mu Dar es Salaam, yokhala ndi milomo makumi asanu ndi limodzi. A Mwalimu ankatchula zilembo, ena n'kumabwereza pambuyo ngati ana a sukulu, ena n'kumatsutsa.

"Kamzere kapakati!"

"Si kapakati ako, ndi kapansi!"

"Iwe Shabani, unalephera Sitandade 4, ukudziwa kamzere iwe?"

"Kamzere sikafuna satifiketi, bwana!"

Analemba. Ulendo uno kompyuta inatulutsa mizere yambiri, n'kuima.

"Ikufunsa!" anakuwa a Mwalimu. "Yati, kodi ukufuna kupitiriza?"

"Vomera! Vomera!" linakuwa banda lonse, Ofiira ndi Achikasu omwe, koyamba m'mbiri ya Tandika kugwirizana pa chinthu chimodzi.

Anavomera. Dalaiva wa netiweki anatsika msanga, poti anali wamng'ono. Wa zithunzi anali chimphona. Pakhoma panabwera nambala yosonyeza pamene wafika, ndipo anthu anayamba kuichemerera ngati wosewera amene akuthamanga ndi mpira kumphepete. Itafika theka anaimirira. Itafika pa 80 wogulitsa khofi anasiya ketulo yake n'kulowa. Itafika pa 91, foni ya Mwamvita inalira, ndipo nambala inaima.

Anali mayi ake.

"Mwamvita, chivundikiro cha sefuliya yaikulu unachiika kuti?"

"Amayi, ndili pa ntchito, dulani kaye."

"Ntchito yanji yoposa chivundikiro? Komanso ndamva kuti walemba zinthu pakhoma la achimwene anga. Zoona?"

Nkhani inali itayenda kale misewu itatu. Anthu a m'banda, atamva kudzera pa bowo chimene chaimitsa nambala yawo, anakuwa pamodzi: "Dulani foni, mayi! Dulaniii!" Mayiwo anadula, mwina chifukwa cha mantha. Nambala inanyamukanso, ndipo itafika pa 100 malata anagwedezeka. Kathireyi nakonso kanatulutsa lilime, koma panalibe amene anakaona kupatula mwini wake.

Mwamvita anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Kasikirini kake kanakhalabe bii, koma pa bowo panadutsa kuwala kwa mitundumitundu. Anasuzumira. Pakhoma panali chithunzi chosalala cha phiri, kachizindikiro ka netiweki katadzaza pakona, ndipo pakati panali kabokosi kodikira mawu achinsinsi. Kunali kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu.

Asanakhudze kiyibodi, chitseko chinagogodedwa. Wogogodayo anali yemwe uja analetsa ena.

A Mzee Kitwana analowa atavala jezi yawo yofiira pamwamba pa kanzu, mkanjo wawo wautali. Kumbuyo kwawo kunali a Kombo. Nkhope ya amalumewo inali ya munthu amene wapeza mwala mu mpunga wa pa ukwati wake womwe.

"Mwana wa mlongo wanga. Ndinakugulira jezi yofiira uli ndi miyezi itatu."

"Ndikudziwa, amalume."

"Chigoli chija cha chaka chatha, chimene anatimenya pomaliza penipeni, unathamangira kuseri ukuti ukukalira."

"Ndinkakavina, amalume."

A Kitwana anatseka maso. "Bweretsa kiyi. Wachikasu sangasunge mtima wa banda langa. A Kombo, khalani pampando, tsegulani mpira."

Mwamvita anavula chingwe cha kiyi m'khosi, napereka ndi manja awiri. A Kombo anakhala pampando, nawongola zala mpaka kulira, n'kukokera kiyibodi pafupi. Kenako anayang'ana kasikirini kakuda, nayang'ana bowo, n'kukumbukira chimene kabokosi kaja kankadikira.

"Mawu ake ndi ati?" anafunsa motsitsa.

"Mukuwadziwa, a Fundi," anatero Mwamvita. "Tandika yense akuwadziwa."

A Kombo anali munthu amene anapatsa ana ake atatu maina a osewera a Ofiira, kuphatikizapo wamkazi. Nthochi yakupsa sankadya poyera chifukwa cha mtundu wake. Chala chawo chinazungulira m'mwamba ngati kabawi, kenako chinatera. Chinateranso. Chinateranso kachitatu.

"Madontho atatu!" analengeza a Mwalimu Sefu kuseri. "Amene ali pa kiyibodi walemba a, c, h!"

"Ndani ameneyo? Ndi Kombo?"

"Kombo, tikukuona! Pitiriza, tikauze akazi ako!"

"Malizani, a Fundi, benchi lathu lili ndi malo!" anakuwa a kumbuyo.

A Kombo anafufuta madontho atatu aja mofulumira ngati munthu wozimitsa moto pa thalauza. Anaimirira. "Mzee, ine ndili ndi ana. Ntchito ndi ntchito, koma mawu amenewo ndi zala zanga izi, ayi."

A Kitwana anatulutsa mutu pakhomo. "Alipo Wofiira weniweni amene angalembe mawu awa chifukwa cha timu yake?"

Anthu ankayang'ana nsapato zawo. Ku benchi la kumbuyo kokha ndi kumene manja asanu ndi awiri anakwera nthawi imodzi.

"Inu tsitsani manja! Wachikasu wa mumsewu sakhudza makina anga."

"Mzee, mphindi zitatu," anatero a Mwalimu.

A Kitwana anayang'ana kiyibodi. Anatambasula chala chawo, chinafika pakati pa ulendo, n'kubwerera chokha m'thumba la kanzu. Anapumira m'mwamba. Kenako, osayang'ana munthu, anakankhira mpando kwa Mwamvita, mdzukulu wa mayi awo.

Mwamvita anakhala pansi n'kulemba, ndipo pa dontho lililonse limene linkaoneka pakhoma benchi la kumbuyo linkatchula chilembo chake mokweza, ena onse atatseka makutu. Kuti atsegule tsamba la mpira anafunikanso maso a banda: "Kumanzere! Kwezako! Wapitirira! Pompo, dina!" Bwalo lobiriwira linangoti balamanthu pakhoma, osewera ataima kale pakati, woimbira ali ndi wenzulo pakamwa. Panalibe wadazi ndi mmodzi yemwe, kupatula mwini banda.

Wenzulo inalira. Mpira unayamba.

A Kitwana anaima pakhomo la kachipinda, kiyi ali m'manja. "Waoneka," anatero, ngati akuulula mlandu. "Ndinalonjeza pamaso pa anthu. Koma mawa usinthe mawu amenewo."

"Ndikhoza kusintha, amalume. Kungoti taganizani. Mawu awa akuwadziwa anthu makumi asanu ndi limodzi, ndipo mwa onse amene mumawalola kufika pakhomo pano, palibe angawalembe. Zaka zitatu ku yunivesite sanatiphunzitsepo loko wolimba chonchi."

Amalumewo anayang'ana a Kombo, amene tsopano ankapukuta zala zitatu pa thalauza. Anaganiza kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka mpira unatuluka kunja n'kubwereranso.

"Asiye mawuwo," anatero. Anamuponyera kiyi. "Koma kuyambira lero malo ako ukuwadziwa."

Mwamvita anakhoma kachipinda, navala kiyi m'khosi, n'kupita kukakhala pa benchi la kumbuyo. Anthu asanu ndi awiri aja anasendera kuti akwane. Malo amene anamusiyira anali oyandikana ndi ndowa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anaonera mpira osaluma mpango pobisa timu imene akuchemerera.